PAKHONDE LATHU: Akakutchani "Kadeti" Pasikelo

 Ulendo uno tichoke kaye kunyanja, tikwere mapiri a ku Thyolo kumene kumachokera tiyi amene timamwa m'mawa ndi pa futali. Kwa ambiri a ife kumeneko si kwachilendo. Ena tili ndi ana kapena alamu amene amathyola tiyi m'maesiteti a Satemwa, Makwasa, Naming'omba, Conforzi kapena Nchima. Ena timanyamula usipa ndi utaka kukagulitsa pa Bvumbwe ndi pa Luchenza, makamaka masiku amene antchito alandira. Ndipo aliyense amene wakhalapo m'misika imeneyi, kapena amene wakwerapo minibasi ya Limbe ndi anthu a kumeneko, wamvapo liwu lina likuponyedwa ngati mwala wogendera mbalame: kadeti.

Pachiyambi liwuli linali ndi eni ake. Makadeti anali achinyamata a chipani cha DPP, chimene malemu Bingu wa Mutharika anayambitsa m'chaka cha 2005 atatuluka m'chipani cha UDF. Ankavala makaka abuluu, ena n'kumadzipaka utoto thupi lonse pamisonkhano, ndipo dzinalo ankadzitchula okha monyadira. Sitibisa kuti ena mwa iwo anachita zoipa zimene anthu anaziona ndi maso. M'mwezi wa July 2011, kutatsala tsiku limodzi kuti kuchitike zionetsero za pa 20 July, anyamata onyamula zikwanje anayendayenda pa magalimoto a chipani m'misewu ya mu Blantyre dzuwa likuswa mtengo. Zimenezo zinachitikadi, ndipo wozitchula sakutukwana munthu.

Koma chisankho cha 2019 chitatha, m'miyezi ija ya zionetsero kufikira pamene khoti linafafaniza zotsatira pa 3 February 2020, liwuli linachoka m'manja mwa eni ake n'kuyamba kuyenda lokha. Mphunzitsi akayamikira msewu umene wamangidwa, kadeti. Mwana akakana kupita ku zionetsero, kadeti. Munthu akangonena kuti kwawo ndi kwa Goliati kapena ku Thekerani, mlandu watha, ndi kadeti basi, poti kwawo kwa a Mutharika ndi ku Thyolo ndipo manda a Bingu ali pa Ndata. Mayi amene sanapondepo pamsonkhano wa chipani chilichonse, amene moyo wake wonse ndi dengu kumsana, anapezeka wasenza dzina la anyamata a zikwanje chifukwa cha boma limene anabadwira. Mbali inayo nayo siinagone. Wa chipani cha Kongeresi anasanduka ng'ona kapena wanyau, wolankhula mokweza anasanduka wa ku Msundwe. Lero mayina amenewa alowa m'nkhani zosakhudzana n'komwe ndi ndale: pa bawo, pa mpira, pa ngongole, ngakhale pogawana ndiwo pamaliro.

Tiyeni tiyerekeze zimene zingachitike pasikelo ya esiteti iliyonse. Nyengo ya dzinja, kuyambira December mpaka cha mu April, tiyi amaphuka mwamsanga ndipo maesiteti amalemba antchito ambiri akanthawi. Wothyola amalowa m'munda mame asanakamuke, pulasitiki m'chiuno, n'kumatsina masamba awiri ndi kansonga kake mpaka msana kuuma. Ndalama yake ili pa makilogalamu amene kalaliki alembe. Tsono tinene kuti mayi wina waona kuti amudula makilo, akuti masamba ndi onyowa kapena muli okhwima, ndipo wayamba kudandaula. Mnzake wa mzere womwewo akuti, "Komatu achemwali, lero mvula yagwadi, tonse atidula chimodzimodzi." Yankho silichedwa: "Khalani chete inu, kadeti wa bwana!" Anthu onse aseka, mzere uyenda, wina aika dengu lake pasikelo.

Taonani chimene chatayika pamenepa. Funso linalipo, ndipo linali funso la ufa ndi sopo wa ana: kodi makilo aja adulidwa moyenera kapena ayi? Mwina wodandaulayo akunena zoona. Mwina mnzakeyo ndiye akunena zoona. Palibe amene adzadziwe, chifukwa dzina litangogwa nkhani ya makilo inafera pomwepo. Amayi awiri amene akanapita limodzi kwa kapitawo kukafunsa abwerera ku komboni osalankhulana, ndipo ngati panali chinyengo pasikelo, mawa chidzakhalaponso. Chimodzimodzi kumbali inayo. Wantchito amene amafunsa mafunso akangotchedwa wotsutsa kapena wazionetsero, dandaulo lake silimvekanso ngati dandaulo, limamveka ngati ndale. Kwa munthu wolembedwa kwa miyezi yochepa, amene akuyembekeza kuti dzinja likudzalo adzamuitananso, mbiri yotere si nthabwala ayi. Ntchito ya dzina lachipongwe ndi imeneyi: kutseka nkhani isanazengedwe.

Wina anena kuti, "Aaa, inunso a Pakhonde, n'kucheza chabe kumeneku. Kodi sitinyozana pachisuweni?" Zoona, ndipo ife sitikufuna dziko la anthu okwinya nkhope. Msuweni wako akhoza kukutcha mbuli, waulesi, wosadziwa kupalasa bwato, ndipo iwe umabweza mowirikiza, nonse n'kuseka. Koma chisuweni chili ndi mpanda wake. Nonse mukudziwa kuti mawuwo athera pakhonde pomwepo. Mawu achisuweni sanamangitsepo munthu, sanaotchetsepo nyumba. Mayina a ndale ndi osiyana, chifukwa kunja kwa mpanda kuli anthu amene akawamva amatola miyala. Mbiri ya dziko lino ikuchitira umboni.

Anthu a ku Thyolo akudziwa kulemera kwa dzina kuposa ambiri a ife. Makolo a Alomwe ambiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Anapeza nthaka yabwino itatengedwa kale ndi azungu, motero anakhala pamalo a maesiteti n'kumalipira malowo ndi ntchito ya thangata. Manja awo ndi amene anazula zitsa ndi kubzala minda yobiriwira imene alendo amaima kuijambula lero. Pamwamba pa zonsezo anapatsidwa dzina lakuti Anguru, limene m'kamwa mwa ena linkatanthauza munthu wotsalira, wosayenera kumvedwa. Ndipo dzinalo linkathandiza eni minda, poti munthu amene anansi ake omwe amamuseka ndi wosavuta kumulipira pang'ono.

Chimene tikufuna kuti muone ndi mmene dzinalo linagonjetsedwera. Lewis Bandawe, Mlomwe amene ankagwira ntchito yomasulira kukhoti, sanapeke dzina lina loti azinyozera nalo Ayao kapena Amang'anja. M'chaka cha 1943 iye ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Alomwe, napempha boma la atsamunda kuti lisiye kulemba dzina lonyozalo ndi kuyamba kuwatchula ndi dzina lawo lenileni. Boma linavomera. M'misika liwulo silinathe tsiku limodzi, koma linachoka m'makalata a boma, ndipo lero munthu wolitchula ndi amene amachita manyazi.

M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, kunabwera lina: kapirikoni. Linachokera ku bungwe la Capricorn Africa Society limene David Stirling anayambitsa m'chaka cha 1949. Anthu akuda amene analowadi m'bungwelo anali ochepa, koma dzinalo linamatidwa pa aliyense wooneka ngati ali kufupi ndi azungu, kaya ndi kalaliki, kapitawo kapena mfumu, ndipo ena anaotcheredwa nyumba.

Za liwu lakuti chigawenga, ife akunyanja sitifuna wotiuza. Henry Masauko Chipembere wa ku Malindi atasemphana ndi Dr Banda m'chaka cha 1964, analowa pa boma la Fort Johnston ndi anthu ake mu February 1965, koma ulendo wawo wa ku Zomba unathera pa doko la Liwonde. Zitatero liwu limeneli linaphimba dera lonse la Mangochi ngati nkhungu. M'chaka cha 1971 anthu mazanamazana a m'mudzi wa Moto anatengedwa kukatsekeredwa, amayi ndi ana omwe. Agogo athu amene anaona masiku amenewo amatiuza kuti munthu wokangana nawe za malire a munda kapena za ukonde sankafunikanso kupita kubwalo la mfumu. Ankangonong'oneza apayoniya liwu limodzi. Pofika 1992 ndi 1993 ofuna matipate ankatchedwa abongololo, koma apo dzina linachepa mphamvu: pa 14 June 1993 anthu anakasankha nyali.

Nafenso Asilamu tasenzapo athu. Chisankho cha 1999 chitatha, mizikiti ina inaotchedwa kumpoto chifukwa Msilamu aliyense ankaoneka ngati wa UDF. Mu June 2003 alendo asanu okhala ku Blantyre anagwidwa n'kutulutsidwa m'dziko muno powaganizira za Al-Qaeda, ku Mangochi kunabuka zipolowe, ndipo pambuyo pake anthuwo anamasulidwa opanda mlandu. Koma dzina linatsala. Mnyamata wa ndevu ndi mzuli akakwera basi amamva wina kumbuyo akuti, "Wakwera Alikaida," kapena "Boko Haramu uyo." Tikudziwa mmene mtima umachitira tikamva zimenezi. Tsono mtima wa mayi wa ku Thyolo wotchedwa kadeti umachitanso chimodzimodzi, ndipo nthawi zina womutchayo ndi mmodzi wa ife. Mu Qur'an, Sura ya Al-Hujurat ndime ya 11 imaletsa kuitanana ndi mayina achipongwe, ndipo lamulo limeneli silinapatule nyengo ya kampeni.

Nanga tsono dzina likagwa pa ife, tiyankhe bwanji?

Chimene chimabwera msanga pakamwa ndi kubweza. Wanditcha kadeti, ndimutche ng'ona. Njira imeneyi ndi yokoma kwa kamphindi ngati kukanda chipere, koma ndiyo yoipitsitsa, chifukwa tsopano mayina ali awiri ndipo nkhani ya makilo yakwiriridwa kawiri. Tikayang'ananso mmene zinthu zayendera, tiona kuti mayinawa amasinthana mipando pamodzi ndi maboma. Kadeti linali dzina lonyadira mpaka June 2020 pamene Dr Lazarus Chakwera anapambana. Kenaka linakhala dzina lothawa, anthu akufuula kuti makadeti achotsedwe m'maofesi a boma. Mu September 2025 Professor Peter Mutharika anapambananso. Amene ankaponya mwala dzulo lero akuyang'ana kumene mwalawo ugwere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma mpongozi wako sasintha zaka zisanu zilizonse, ndipo mnzako wa mzere umodzi udzakumana nayenso pasikelo mawa m'mawa.

Njira ina imene ambiri amaiona ngati yaulemu ndi kukana ndi kulumbira: "Ine si kadeti ayi, Wallahi, ine ndinavotera akutiakuti!" Ife tikuona kuti imeneyinso ndi msampha. Voti yanu ndi yachinsinsi, lamulo linaibisa dala kuti pasakhale kapitawo, mfumu kapena mwamuna wanu amene angakuumirizeni kuiulula, ndiye inu mwaitaya pamsika chifukwa cha liwu la munthu mmodzi. Komanso pokana choncho mwavomereza kuti mukanakhaladi wa chipanicho, bwenzi mawu anu onena za mvula ndi masamba onyowa ali opanda pake. Chonsecho mvula ikagwa imagwa, kaya wonenayo wavala buluu, kaya chikasu, kaya tambala wakuda pachifuwa. Mwalola kuzengedwa mlandu m'bwalo limene silinayenere kukhalapo.

Yankho limene ife tikuliona kuti limagwira ntchito ndi lofatsa kwambiri moti lingaoneke ngati lopepera. Ndilo kubweza nkhani pamene inasiyidwa. Mayi uja wa pasikelo akhoza kunena kuti, "Dzina ndalimva, achemwali. Nanga makilo aja? Tiyeni tonse awiri tikamufunse kalaliki ationetse mmene wadulira." Sanakane dzinalo, sanalivomere, wangolidumpha monga timadumphira chithaphwi panjira. Ngati nkhani yake siikuoneka bwino, funso lina ndi ili: "Achimwene, mwati kadeti. Chimene ndachita ndi chiti?" Dzina lachipongwe silitha kuyankha funso limeneli. Kawirikawiri wonyozayo amangoti, "Aaa, ndimangocheza," ndipo apo mukhoza kumuuza mosakwiya kuti kucheza kotere inu simukukonda. Koma nthawi zina amayankha ndithu: "Munakatinenera kwa kapitawo kuti tinaweruka msanga." Apo zinthu zayenda bwino koposa, ngakhale zikuwawa. Tsopano pali chochita chenicheni chimene chingakanidwe, kufotokozedwa kapena kupepesedwa. Mlandu wa chochita umatha. Mlandu wa dzina sutha chifukwa ulibe mboni.

Apa tikhale pang'ono, chifukwa ena angatimve molakwika. Sitikunena kuti anthu asamatchule zoipa za andale. Amene wamenya munthu pamsonkhano, tinene kuti wamenya munthu, kaya ndi wa chipani cholamula. Amene wagawa makuponi a feteleza kwa a chipani chake okha, tinene zimenezo pamaso pa mfumu, ndi tsiku lake ndi mayina a omanidwa. Mawu otere ndi akuthwa kuposa kadeti kapena ng'ona, chifukwa wolakwayo sangawaseke. Kunena zoona, wochita zoipa amakondwa tikamutcha dzina la gulu, poti amabisala pakati pa anthu zikwizikwi osalakwa amene tawaphatikiza naye.

Msinkhu ndi ubale nazo zili ndi malo ake. Mawu amene mungauze mnzanu wamsinkhu umodzi pasikelo simungawanene kwa amalume pagulu. Mkulu akakuponyerani dzina pakati pa anthu, lilekeni lidutse, ndipo madzulo mukawapeze ali okha: "Amalume, mawu aja masana andikhudza. Ngati pali chimene ndalakwa, mundiuze." Akakhala apongozi, imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe, ndipo musadikire kuti ifike pa kulongedza katundu. Maukwati a pakati pa akunyanja ndi a ku Thyolo alipo ambiri, ndipo mlamu amene chaka chilichonse pa Idi amalandiridwa ndi mawu akuti "afika akadeti athu" akhoza kumaseka nawo, koma tsiku lina adzapeza chifukwa chosabwerera, n'kutenganso ana.

Kwa ogulitsa nsomba nkhani ndi yachidule. Wogula akati, "Alikaida, usipa bwanji?" mtengo muuzeni, ndipo dzina lanu mumuuzenso: "Mbale iyi ndi mwakuti. Ine ndine Che Uje wa ku Namiasi." Ambiri ulendo wotsatira amakuitanani ndi dzina lenilenilo. Amene apitiriza ndi ochepa, ndipo msika wonse umawaona.

Koma katundu yense asasenze wonyozedwa yekha. Dzina lachipongwe limadya kuseka kwa anthu apambali, likasowa kuseka limafota. Pasikelo paja pakanakhala mayi mmodzi wachikulire wonena kuti, "Zamayina tazisiyani, tiyeni tione makilo," nkhani ikanayenda mwina. Munthu wachitatu ali ndi mphamvu imene awiri okanganawo alibe, chifukwa palibe anganene kuti akudziteteza. Atsogoleri a bungwe la antchito a m'maesiteti la PAWU ayenera kuliona bwino vuto limeneli, pakuti antchito amene agawikana m'magulu a mayina sangakhale pansi ndi mabwana ndi mawu amodzi pa nkhani ya malipiro. Chimodzimodzi mashehe athu, mafumu ndi aphunzitsi a madrasa. Ndipo inu amene mumayang'anira magulu a banja pa WhatsApp, chithunzi chonyoza anthu a boma linalake chikalowa, musangochidutsa. Mwana wa mlongo wanu amene bambo ake ndi a ku Thyolo ali m'gulu lomwelo, akuwerenga ndipo akuona amene aika zizindikiro zoseka.

Ana ndiwo amatola mawuwa msanga kuposa tonse. Mwana wa Sitandade 3 sadziwa kuti DPP n'chiyani, koma amadziwa kuti akati kadeti mnzake amalira. Tikamumva, tisangomukalipira. Timufunse kuti mnzakeyo wamulakwira chiyani. Akati wamulanda pensulo, timuphunzitse kunena kuti "wandilanda pensulo," n'kupita naye kwa aphunzitsi.

Pali nthawi imodzi imene zonse tanenazi sizigwira ntchito, ndipo tikupempha abale oyenda m'misika yakutali kuti amvetse. Dzina likatchulidwa mokuwa, pakati pa gulu lokwiya, ndipo anthu ayamba kuyandikira, imeneyo si nthawi yofunsa kuti ndalakwa chiyani. M'miyezi ya September ndi October 2017, mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira ku Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa wina anawaloza chala n'kutchula liwu limodzi. Ena mwa iwo anali alendo chabe m'deralo. M'miyezi ya zionetsero za 2019 anthu enanso anamenyedwa pamsewu atangotchedwa makadeti. Zikafika potero, siyani dengu la nsomba pomwepo, lowani m'sitolo ya munthu amene amakudziwani, kapena thamangirani kwa mfumu kapena kupolisi. Ndipo mukafika pamsika umene simunagulitsepo, yambani mwakaonekera kwa wapampando wa msika, kuti pakhale munthu mmodzi wa kumeneko amene angaime pakati n'kunena kuti uyu timamudziwa, dzina lake ndi lakuti, amachokera kwakuti.